Ndinkamuyankhira Choko

Choko ndinakhala naye desiki imodzi zaka zinayi ku sekondale, iye kumbali ya zenera, ine kumbali ya kanjira kuti ndizituluka msanga belu likalira. Dzina limenelo tinamupatsa ndife. Anali ndi dzanja lokongola moti aphunzitsi aulesi ankangomupatsa kope la manotsi kuti atikoperere pa bolodi, iwo n'kupita kukamwa tiyi. Ndiye tsiku lonse ankayenda ali mbuu, malaya, tsitsi, ngakhale nsidze. Ine ankanditcha Phokoso, ndipo sindikana, dzina langa silinkasowa pa pepala la olongolola. Lero ndili ndi zaka makumi asanu ndi chimodzi, ndimaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ndipo kulongolola komweko n'kumene kumandidyetsa.

Choko sanapite patali ndi sukulu, masamu ankamuzunguza mutu. Titamaliza anakaphunzira kulemba zikwangwani kwa mkulu wina, kenako anatsegula kashopu kake kuseri kwa msika, pakati pa wowotcherera zitsulo ndi mayi wosoka makatani. Kanali kachipinda kamodzi. Munali benchi lalitali lothimbirira penti, zitini zondandalikidwa pa shelefu kuyambira choyera mpaka chakuda, maburashi m'mabotolo ubweya utaloza kumwamba, ndi makwerero otsamira pakona. Fungo la thinazi, mankhwala osungunulira penti, linkakulandira ukadali panja. Ndinkakonda kumuonerera akugwira ntchito. Ankapaka chingwe choko, kuchikunga pa bolodi, kuchikoka ndi zala ziwiri n'kuchisiya, thwa, mzere woongoka n'kutsala. Akatero ankatsamiritsa dzanja pa kandodo komangidwa kansanza kumapeto, n'kusiya kupuma mpaka chilembo chithe. Ukamuyankhula ali pakati pa chilembo sankayankha, ngakhale utamuuza kuti nyumba yake ikupsa.

Theka la msewu waukulu analemba ndi iye: malo ometera, ogulitsira mankhwala, okonzera nsapato, ngakhale mawu a pa chitseko cha galimoto yanga yophunzitsira. Akamayenda Lamulungu masana n'kuona chilembo chake chayamba kukanganuka, mawa lake ankabwera ndi kabotolo ka penti n'kuchikonza mwini sitolo asanadziwe n'komwe. Ankalembanso timabolodi ta pamanda, ndipo timeneto ankatisamalira kuposa ntchito ina iliyonse. Ankati mwini wake sangabwere kudzadandaula, ndiye si bwino kumubera.

Mkazi wake ndiye ankamusakanizira mitundu. Ankabwera masana ndi chakudya m'kabakuli, n'kukhala pa chitini chovundikira, akutakasa penti ndi kamtengo uku akumunena kuti mtundu wobiriwira umene wasankhawo ukuoneka ngati wa m'chipatala. Ankakangana za mitundu zaka makumi awiri, ndipo nthawi zonse wopambana anali mkaziyo. Mwana anali ndi mmodzi, mtsikana, amene pano ali kunja ndipo amaimba foni kamodzi pa mwezi.

Kenako kunabwera makina osindikiza. Munthu amapita ndi foni m'mawa, masana n'kutenga chinsalu chachikulu cha zithunzi za nkhuku zonenepa ndi zilembo zonyezimira. Chimasuluka chaka chisanathe, koma ndani amaganiza za chaka chamawa? Zinsaluzo ankazikhoma pamwamba penipeni pa zikwangwani za Choko, chimodzichimodzi, mpaka iye anasiya kudzera msewu waukulu n'kumazungulira kumbuyo kwa depoti. Ntchito inayamba kubwera modontha. Zaka zitatu zapitazo mkazi wake anadwala milungu yochepa n'kumwalira. Pasanapite nthawi Choko anasiya nyumba ya lendi n'kuyala matiresi kuseri kwa benchi, ati kuyenda m'mawa kwamutopetsa. Ine ndinamuseka kuti wasanduka mlonda wa zitini, nayenso anaseka.

Ife a kalasi imeneyo tili ndi gulu pa foni, anthu opitirira makumi asanu. Ndinene zoona, kwa zaka zambiri gulu limeneli linkadziwa zinthu ziwiri zokha, kutumizirana nthabwala zakale ndi kuika maliro. Pa maliro ndiye tinali akatswiri. Uthenga ukangolowa, ola lisanathe wina wapeza basi, wina nkhata ya maluwa, wina walemba kale mawu okayankhula m'malo mwa anzake a kusukulu. Tinkafika titavala mofanana, kukhala pamodzi, kuimba bwino, anthu n'kumafunsana kuti amenewa ndi a mpingo uti. Pa maliro a mkazi wa Choko tinachita zonsezo mosaphonya. Titabalalika palibe anabwereranso kukamuona patapita mwezi.

Zinthu zinasintha titaika mnzathu wina, mphunzitsi, amene anadzipha. Tinaimba bwino monga mwa nthawi zonse, koma pobwerera m'basi munali zii. Mkazi wake anali atatiuza kuti bamboyo anatha miyezi isanu akungochoka kuntchito n'kukadzitsekera kuchipinda, osayankhula ndi munthu. Aliyense anayamba kufufuza m'foni mwake. Uthenga womaliza wa malemuyo pa gulu unali wa chaka chathacho, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anazindikira kuti munthu wasowa.

Amene sanalole kuti zingodutsa anali a Monita. Mayi amenewa ndiwo ankaitana mayina m'kalasi mwathu m'mawa uliwonse, ndipo mpaka lero sitinawapezere dzina lina. Amagwira ntchito pa malo ochapira zovala, kuseri kwa kauntala, kumata timapepala ta manambala pa majekete a anthu, ndipo chovala sichinasowepo m'manja mwawo. Ndi aafupi, sakweza mawu, koma akakuyang'ana pamwamba pa magalasi umayamba kukumbukira machimo ako. Pa msonkhano wathu wa pachaka anabweretsa nesi wa ku chipatala cha matenda a maganizo kuti atiyankhule. Nesiyo anati kuvutika maganizo ndi matenda ngati shuga, kuli mankhwala, kuli uphungu, ndipo anthu amachira. Anati munthu akayamba kudzipatula, kusadya, kugawa zinthu zimene amazikonda, tisaope kumufunsa maso ndi maso ngati akuganiza zodzipha, chifukwa kufunsa sikumupatsa maganizowo. Ife amuna tinakhala kumbuyo, komwe tinkakhala kale, tikugundana ndi zigongono. Ine ndinafunsa mokweza ngati kuli jakisoni wa ophunzira amene amazimitsa galimoto pakati pa mphambano, poti ndi amene akundidwalitsa mutu. Anthu anaseka. Ndikakumbukira ndimachita manyazi.

Tsiku lomwelo a Monita anaika lamulo. Lolemba lililonse m'mawa aziitana mayina pa gulu motsatira kaundula wakale, aliyense aziyankha kuti ndilipo, basi. Munthu akakhala chete masabata atatu otsatizana, anthu awiri azipita kukagogoda pakhomo pake, osati kuimba foni, kupita ndi miyendo. Tinang'ung'udza kuti ife si ana, koma tinayamba kuyankha, ndipo zinkakoma ndithu. Dokotala, woyendetsa thiraki, mayi wogulitsa mazira, tonse pa mzere umodzi ngati kale.

Kungoti a Monita ankaganiza kuti tinakula. Kusukulu kwathu wojomba pa kaundula wa m'mawa ankapatsidwa chibalo chotchetcha udzu pa bwalo la mpira. Ndiye tinali ndi pangano losalembedwa: mnzako wa pa desiki akachedwa kapena akajomba, umamuyankhira. Umaweramitsa mutu, kusintha mawu pang'ono, ndilipo. Wosayankhira mnzake tinkamuyesa mfiti, ndipo woneneza mnzake sankadya nafe. Ine Choko ndinamuyankhira kosawerengeka chifukwa ankachokera kutali wapansi, iye ankandiyankhira ndikathawa kukaonera mpira. Kwa ife kukondana kunali kumeneko, ndipo palibe anatiphunzitsa kwina.

Lolemba lina dzina la Choko linaitanidwa, ndipo panali zii mpaka masana. Ndinali m'galimoto ndi bambo wina wa ku banki amene phazi lake silinkamvana ndi kilatchi. Ndinayang'ana foni iye akulimbana ndi giya, chala n'kungolemba chokha kuti, "Choko alipo, foni yake yavuta." Sindinaganize n'komwe. Sabata yachiwiri ndinamuimbira, sanayankhe, ndinati ali pa makwerero, n'kulembanso kuti alipo. Sabata yachitatu a Monita analemba kuti, "Choko sanayankhe yekha masabata atatu. Apita ndani?" Pomwepo m'maganizo mwanga ndinaona anthu awiri akulowa m'kashopu kaja, akupeza matiresi kuseri kwa benchi ndi mbale zosatsuka, ndipo pofika madzulo kalasi yonse itadziwa kuti Choko akugona ndi zitini. Mnzanga ndi munthu wamanyazi, wodzisunga, amene amasita malaya ngakhale popita kukapaka penti. Ndinati ayi, ine ndili moyo zimenezo sizichitika. Ndinalemba kuti, "Musavutike, ndinali naye dzulo. Akupereka moni."

A Monita anandiimbira.

"A Phokoso, mwamuonadi ndi maso anu?"

"Mayi, mukundiyesa wabodza? Munthu ndakula naye ameneyu."

"Sindinatero. Ndangofunsa."

"Ali bwinobwino. Ntchito yamuchulukira."

Anangoti zikomo. Ndinadula foni nditapsa mtima, ngati kuti olakwa ndi iwo.

Mungafunse kuti nanga bwanji sindinapite ndekha. Ndadzifunsa kambirimbiri. Kashopu kaja ndimakadutsa pafupifupi tsiku lililonse, chifukwa kumsika n'kumene ndimaphunzitsira anthu kuyenda pakati pa njinga ndi ngolo. Ndinkaona chitseko chotseka, kuliza hutala kawiri monga mwa chizolowezi chathu, n'kupitirira. Ndinkadziuza kuti mwamuna akafuna kukhala yekha umamusiya. Koma zoona zake n'zoti ndinkaopa. Ine ndimadziwa kuseka ndi kukalipa, basi. Munthu akayamba kulira pamaso panga, manja anga sadziwa pokhala. Ndiye ndinapitiriza kumuyankhira, masabata asanu ndi awiri, ndikudziona ngati bwenzi lenileni.

Amene ananditsegula maso ndi mayi wosoka makatani uja. Lachitatu lina anaimitsa galimoto yanga ndi dzanja, atanyamula kathumba ka pulasitiki. Anati anzanu aja andisiyira izi kuti ndikupatseni mukamadutsa. Ndinatsegula. Munali maburashi ake abwino aja, a ubweya wofewa, amene sankalola munthu kuwakhudza, atatsukidwa n'kukulungidwa m'nyuzipepala. Mawu a nesi uja, amene ndinkaganiza kuti sindinawamve, anandibwerera onse. Ndinauza wophunzira wanga kuti lero tathera pano, akakwere basi.

Ndinagogoda mpaka wowotcherera zitsulo anazimitsa makina ake kuti aone. Choko anatsegula. Anali ataonda, ndevu zili nyankhalala, malaya amakwinyamakwinya. Pazenera anali atatchingapo katoni. Chimene chinandiopsa kwambiri n'choti m'chipindamo munalibe fungo la thinazi.

"Wabwera," anatero.

"Aise, izi n'chiyani? Ine maburashi ndichite nawo chiyani, nditsukire mano?"

"Ungowasunga."

"Ukudwala?"

"Ndatopa chabe."

Ndinayamba kulongolola monga ndimachitira, za bambo wa ku banki, za apolisi a pamsewu, uku ndikuyendayenda chifukwa kukhala pansi kunkandikanika. Pa benchi panali kabolodi kamodzi koyang'anitsidwa kukhoma. Ndinakatembenuza poganiza kuti mwina wapeza ntchito. Kanali ka pamanda, kakuda, zilembo zoyera. Dzina linali lake, lenileni lija la pa satifiketi, lolembedwa bwino kuposa chilichonse chimene ndinaonapo chochokera m'dzanja lake. M'munsi mwake munali tsiku lobadwa. M'munsi mwa tsikulo anali atamenya kale mizere iwiri ya choko, yoongoka, pakati pake popanda kanthu.

Ndinamufunsa funso lija la nesi, ngati akuganiza zodzipha. Mawu anatuluka okhotakhota, koma ndinafunsa. Anakhala pa matiresi n'kunena kuti amaziganiza tsiku lililonse, makamaka m'mawa akatsegula maso n'kupeza kuti kwachanso. Analibe misozi, ankayankhula ngati akundilozera njira ya kumsika. Kenako anati, "Usauze anthu."

Apa m'pamene ndinalakwitsa kachiwiri. Munthu wanzeru akanakhala naye pompo n'kuimbira a Monita okha. Ine ndinatsegula gulu lija la anthu opitirira makumi asanu n'kulemba kuti, "Ndakhala ndikunama. Choko sali bwino, akuganiza zodzipha. Bwerani ku shopu kwake msanga."

Anabwera, ndipo anabwera mmene amadziwira. Ola lisanathe panja panali magalimoto anayi. Amuna anaima chakwa wowotcherera zitsulo, manja kumbuyo, akuyankhula motsitsa mawu. Amayi anayala nsalu pakhonde la makatani n'kukhala pansi mondondozana. Wina anafika ndi mipando ya pulasitiki pa pikapu. Palibe analowa, chifukwa palibe ankadziwa choti anene kwa munthu wamoyo. Kenako mayi wina, wa mawu okoma kuposa tonse m'kalasi mwathu, anayambitsa nyimbo pansipansi, yomwe ija timayambira pa maliro. Anthu a mumsika anayamba kusonkhana, ena atavula zipewa.

Choko anaimirira, anasuzumira pambali pa katoni ija, n'kutembenukira kwa ine. Sanakalipe.

"Ukanadikira pang'ono," anatero, "akanangoyenda ulendo umodzi."

A Monita anafika pa njinga yamoto atavala epuloni ya kuntchito, mapini ali pachifuwa. Sanakweze mawu. Anayenda kwa munthu mmodzimmodzi, woimba uja anamugwira paphewa, nyimbo n'kuthera pakati. "Pano palibe maliro," anatero. "Nyamulani mipando. Amene akufuna kuthandiza andiimbire madzulo, ndimupatsa tsiku lake." Mphindi khumi zisanathe pakhonde panatsala mayi wa makatani yekha. A Monita atalowa anangondiuza kuti, "Inu tikambirana. Pakali pano kadikireni m'galimoto." Anakhala pansi pa simenti pafupi ndi matiresi, mayi wa zaka makumi asanu, mawondo akulira. Ndikutuluka ndinawamva akuti, "Achimwene, ine sindikuthamangira kulikonse."

Anakhala mmenemo maola awiri, ndipo zimene anakambirana sindizidziwa mpaka lero. Anaitana mlongo wake wa Choko, amene amakhala mbali ina ya tauni ndipo nayenso ankangoti mchimwene wake watanganidwa. Anaimbiranso nesi uja. Dzuwa litapendeka anatuluka atatu, ine n'kuthamangira kutsegula chitseko cha galimoto. Choko anayang'ana galimotoyo, anayang'ana ine, n'kuuza mlongo wake kuti aitane takisi.

Choko anagonekedwa m'chipatala masiku khumi ndi awiri, kenako anakakhala kwa mlongo wakeyo. A Monita anakonza ndandanda yofanana ndi ija ya osesa m'kalasi. Lachinayi lililonse munthu mmodzi ankamuperekeza ku chipatala kukaonana ndi aphungu, n'kukhala pa benchi panja mpaka atuluke. Woyendetsa thiraki uja akakhala kuti ali m'tauni ankapita naye koyenda Loweruka m'mawa, ati ankatha ola lathunthu osayankhulana ndipo onse awiri zinkawakomera. A Monita anatiletsa kumulalikira, anatiletsa kumuuza kuti alimbe mtima ngati mwamuna, ndipo wina atajambula chithunzi pa chipatala n'kuika pa gulu anamuimbira, chithunzicho sichinathe mphindi ziwiri.

Nesi uja anabweranso. Ulendo uno amuna tinakhala kutsogolo ngati ana a chaka choyamba. Ali mkati moyankhula, dokotala wathu, munthu amene tonse tinkamusirira, anaimirira n'kunena kuti iyeyo wakhala akumwa mankhwala a matenda omwewa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo kunyumba kwake amadziwa ndi mkazi wake yekha. Sindinamuonepo akutuluka thukuta chotero. Msonkhano utatha anthu atatu anamutsatira nesiyo panja mwakachetechete, aliyense akunamizira kuti akupita kukaimba foni. Lamulo la Lolemba linasinthanso. Kuyankhira mnzako kunathetsedwa, ndipo aliyense ankadziwa kuti n'chifukwa cha ndani.

Pa ndandanda ija dzina langa panalibe. Ndinapita kochapira zovala ndikulusa. Ndinawapeza a Monita akumata nambala pa diresi la ukwati, makina akulira kumbuyo, nthunzi ya simbi ili tolotolo.

"Mayi, ine ndili ndi galimoto, ndine mnzake wa pa desiki. Mwandisiya bwanji?"

"Wakana yekha."

"Chifukwa ndinaitana anthu? Ndikanapanda kutero bwenzi pano tikunena zina."

"Mwina. Koma wakana, ndipo ulendo uno timvera iyeyo, osati inu."

Anapachika diresi lija, n'kubwerera pa kauntala.

"Inenso ndinalakwa," anatero. "Tsiku ndinakuimbirani lija ndinadziwa kuti mukunama. Kusukulu ndinkadziwanso, mawu a aliyense ndinkawadziwa, koma ndinkangoyang'ana m'kaundula n'kuchonga. Ndinachonganso."

Ndinali nditabwera ndi mkangano, ndinabwerera nawo osaugwiritsa ntchito.

Miyezi isanu Choko sanandiyankhule. Zinandipweteka, ndisaname, ndipo masiku ena ndinkakwiya n'kumati munthu wosayamika. Inde ndinamuchititsa manyazi pamaso pa msika wonse, koma manyazi ndi manda chabwino n'chiti? Ndinkayeserera zokamuuza ndili pa mphambano kudikira magetsi, mpaka wophunzira wina anandifunsa ngati ndikukalipira iyeyo. Za mnzanga ndinkangomvera kwa ena. Wayamba kudya. Mankhwala oyamba ankamugonetsa kwambiri ndiye amusinthira. Sabata ina zinamuvutanso, koma anaimbira yekha a Monita. Mwana wake anabwera kudzakhala naye milungu iwiri. Maburashi aja ndinakawasiya kwa mlongo wake, ndipo mlongoyo anandiuza kuti Choko anawalandira.

Mwezi watha, Lachisanu, foni inalira ndili pa malo othirira mafuta. Unali uthenga wa Choko, woyamba chichitikireni zonsezi. Anati ndimupeze pa sukulu ya mkaka ya kuseri kwa depoti ikamakwana 2 koloko. Ndinafika nthawi isanakwane, nditakonza kale mawu opepesa, ndipo ndinawabwereza katatu m'galimoto.

Ndinamupeza pa makwerero akulemba zilembo zikuluzikulu pa khoma, ana atapita kale kwawo. Ntchitoyo anamupezera ndi mayi wogulitsa mazira uja, mwini sukulu ndi mlamu wake. Anali atabwererako thupi, ngakhale lamba anali adakali pa bowo latsopano. Ndinadikira kuti amalize chilembo. Anatsika, anapukuta manja ndi kansanza, tinakhala pa timipando ta ana mawondo ali pachibwano.

"Aphungu akuti ndikuuze ndekha, ndisamangozisunga," anatero.

Ndinamudula. "Aise, ndikudziwa. Unandiuza kuti ndisauze anthu, ine n'kukuitanira msika wonse. Ndinalakwa. Pepa."

"Zimenezo ndinazitaya kale. Nyimbo ija masiku ano imandiseketsa."

"Nanga n'chiyani?"

Anayang'ana manja ake, akuchotsa penti m'zikhadabo.

"Foni yanga sinavutepo. Lolemba lililonse ndinkaitsegula. Ndinkaona dzina langa, ndinkafuna kulemba, chala osatheka. Kunena kuti ndilipo kunali kunama, kunena zinazo sindikanatha. Ndiye ndinati ndingokhala chete, lamulo lija lindigwirire ntchito. Masabata atatu si ambiri, ndipirira."



"Lolemba lachitatu ndinadzuka m'mamawa," anapitiriza. "Ndinasamba, ndinameta, ndinasesa. Ndinakabwereka mipando iwiri kwa mayi wa makatani, poti lamulo linati kubwera anthu awiri. Chitseko ndinachisiya chotsegula pang'ono kuti asavutike kugogoda. Kenako ndinaona a Monita afunsa kuti apita ndani. Mtima unagunda, aise. Ndinakhala ndikuyang'ana kuti ayankha ndani. Iwe n'kulemba kuti unali nane dzulo, ndikupereka moni."

"Ndinkafuna kukuteteza," ndinatero, ndipo mawuwo anamveka opusa ngakhale kwa ine ndemwe.

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake sindinakutsutse. Ndinatsala pang'ono, uthenga ndinali nditaulemba kale woti si zoona, sanabwere, bwerani. Koma ndinaganiza kuti kalasi yonse ikuona bwanji iweyo, mnzanga wa pa desiki, utagwidwa bodza pamaso pa a Monita." Anapinda kansanza kaja pawiri, n'kukaika pa bondo. "Ndinaufufuta, n'kukabweza mipando ya eni ake."